Kodi ndizinena kuti wekishopu ndi ya mlongo wanga?

Welda_wa_Kapata
Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi amisiri anzanga. Ine ndine mayi, ndimawotcherera zitsulo kuno ku Chipata, chakumunsi kwa msika wa Kapata. Mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabagilabazi, masitandi a matanki a madzi, mwa apo ndi apo ngolo ya ng'ombe ikathyoka. Pepala la ntchitoyi ndili nalo, makina ndinagula ndekha ndi ndalama za chilimba. Ndimagwira ndi mlongo wanga wamng'ono amene ndinakamutenga kumudzi. Pakadali pano akudziwa kudula ndi girayinda ndi kupaka penti basi, rodi yowotcherera akaigwira imangomatirira pachitsulo.

Chondisowetsa mtendere ndi ichi. Kasitomala akafika amandidutsa ine ndili chigwirire ntchito, n'kupita kwa mnyamatayo: "Abwana, geti ya silayidi ndi zingati?" Iye akaloza ine, nkhope ya munthu imagwa. Ena amati tibweranso, osaonekanso. Ena amakhala, koma mtengo amaudula pakati, ati amayi inu amuna anu alipo, ndalama zambiri n'zachiyani. Bambo wina anachita kundiuza pamaso kuti geti yowotcherera mkazi wakuba angoiponda kamodzi yatseguka.

Tsono mlongo wangayo akuti, asisi, bwanji ndizinena kuti malo ano ndi anga, ndizilandira ntchito ndi kukambirana mtengo, inu muzigwira chakuseri? Ndalama ilowa m'thumba lomwelo. Ndikaganiza za lendi ndimaona kuti mwanayu ali ndi nzeru, koma mtima ukukana. Amene munadutsamo ndithandizeni.

Spana17
Lolani asisi, musavutike mtima. Ndalama ilibe ndevu. Ana amadya nsima, sadya ulemu.

MaiWaMapasa_Katete
Mng'ono wanga, imani kaye pomwepo. Ine ndine kalipentala, ndipo amene anandiphunzitsa ndi mayi anga aang'ono. Makabati ndi mipando imene inkatuluka pakhomo pawo anthu ankachita kulimbirana, koma pachikwangwani panali dzina la amuna awo, munthu amene ngakhale kunola pulena sankatha. Ku PACRA, kolembetsa mabizinesi, analembetsa dzina la bambowo. Nambala ya foni yolandirira ndalama, ya bambowo. Malisiti a makina, dzina lomwelo. Ntchito zinkabwera ndithu, sindinama.

Bambowo atamwalira, abale awo anafika ndi galimoto masamba a maliro asanaume pamsewu. Ati makinawa ndi a m'bale wathu, taonani mapepala. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limati mkazi alandire 20 peresenti, ana 50 peresenti, makolo 20, otsala 10 apite kwa ena amene ankadalira malemuyo. Lamulo labwino, koma taganizani munthu kupatsidwa 20 peresenti ya makina amene anagula yekha ndi thukuta lake. Chopweteka kwambiri chinali makasitomala. Anabwera kudzapepesa maliro, n'kumati tsopano mipando tizikhomera kuti poti mmisiri watisiya. Mmisiri ali pomwepo pamphasa, akumva.

Mlongo wanu lero ndi mwana wabwino. Mawa akwatira. Mlamu wanu akadzamva tawuni yonse ikunena kuti wekishopu ndi ya amuna ake, inu mudzamuuza chiyani?

AmalumeDizilo
Ine ndilankhula monga munthu amene wakalambira m'galaja. Ana aakazi sindidana nawo, ndili nawo anga. Koma makolo sananame pamene anati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Geti ya mamita 4 ndi katundu. Giyabokosi ya Canter ndi katundu. Kasitomala akamafuna mwamuna sikuti ndi chipongwe, akuganiza za mphamvu.

Chinanso. Ndinalembapo mtsikana pagalaja panga, wanzeru kwambiri pa za mawaya. Mwezi usanathe akazi a anyamata anga anayamba kubweretsa nsima masana tsiku ndi tsiku, pamene kale ngakhale kachigubu ka thobwa sikankafika. Ndinaona kuti pano pabuka nkhondo, ndinamuuza mwanayo akayese kwina.

Mlimi_wa_Sinda
Amalume mudzabwere kwathu. Chigodola chitatha zamphongo m'khola mwathu tinaika goli pa zazikazi. Munda unalimidwa, chimanga chinafika pakhomo pangolo.

GiyaBokosi_Petauke
Amalume, ndi ulemu wonse, mwadziweruza nokha. Mtsikanayo ntchito ankaidziwa, amene anabweretsa chisokonezo ndi ena, koma amene anachoka ndi iye.

Ine ndine makanika, mkazi. Za mphamvuzo tiyeni tinene zoona. Palibe mwamuna amatsitsa giyabokosi ya Canter yekha. Amene amayesa ndi omwe mumawaona asanakwane zaka 50 akuyenda chowerama, dzanja lili pamsana. Pali jeke, pali cheni buloko, pali kuitana mnzako. Nati ikakana umaika paipi pa sipanala, sufunika minofu. Zimene zimathawitsa atsikana m'magalaja si kulemera kwa zitsulo. Ndi chimbudzi choyamba. Magalaja ambiri chimbudzi ndi kuseri kwa basi yakufa. Mwamuna angotembenuka, ife timachita kukapempha m'nyumba za anthu, ndipo masiku a kumwezi umachita kuwerenga maola. Chachiwiri ndi manja. Ukalowa pansi pa galimoto miyendo ili kunja, pamakhala wina amene mwadzidzidzi akufuna "kukuthandiza kutuluka". Ukakalipa ati ndiwe wamwano, sudziwa nthabwala. Ukaseka nawo ati wavomera. Ine ndinachita kuphunzira kukhala ndi nkhope ya chilala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chonsecho kunyumba ndine munthu wokonda kuseka.

Kwa asisi a ku Kapata: musabisale. Mukabisala, mtsikana wotsatira adzayambanso pomwe munayambira inu.

Spana17
Nkhani yayamba kukhala msonkhano wa amayi manje. Funso linali la ndalama. Lendi salipira ndi "mtsikana wotsatira".

Levulo_Chadiza
Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti kumudzi kwathu kumata nyumba ndi kuzira pansi ndi ntchito ya amayi kuyambira kalekale. Amuna azika mitengo, afolera udzu, dothi ndi lathu. Palibe ananenapo kuti chipupa chomata mkazi chigwa. Koma dothi litasanduka simenti, ntchito n'kuyamba kulipidwa, mwadzidzidzi akazi tilibe mphamvu.

Pitani pa saiti iliyonse. Amayi alipo ambiri, koma amawalemba kutunga madzi ndi kuphwanya miyala. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, ulendo ndi ulendo dzuwa lonse. Mundiuze ngati chimenecho n'chopepuka kuposa kunyamula buloko kuika pa chingwe. Koma wotunga madzi ndiye amalandira ndalama yochepetsetsa pa saiti yonse. Ine ndinayamba choncho, kenaka ndinakhala wokanda daka, kenaka mmisiri wina wachikulire anandipatsa levulo n'kundiuza kuti imika kona iyo ndione. Lero ndimamanga nyumba kuyambira pa fawundeshoni mpaka pa bimu. Koma ikakwana 12 koloko anyamata onse amayang'ana ine, ngati mthiko ndinabwera nawo m'chikwama cha zida.

AmalumeDizilo
Kuphikira anzako si kunyozeka mwana wanga.

Levulo_Chadiza
Si kunyozeka amalume, koma timalipidwa powerenga mabuloko. Ola limene ndili pamoto anzanga akuonjezera mizere. Ndinawauza kuti tiziphika mosinthana. Tsiku la Spana wa pa saiti yathu tinadya nsima yamadzi yokhala ndi mibulu, koma palibe anafa.

Mwana_wa_Mchini
Pepani ndilowetse funso langa. Ndikufuna kuphunzira weldingi koma ambuya anga akuti moto uja umaumitsa chiberekero, sindidzabereka. Ndi zoona?

Welda_wa_Kapata
Mwanawe, ana anga awiri ndinabereka ndili kale pa ntchitoyi. Kawauze ambuya abwere adzawaone mmene amathera ndiwo.

NesiWaUsiku
Ndiyankheko monga wa zaumoyo. Kuwala kwa weldingi kumapsereza maso ndi khungu, m'mimba sikufika. Choopsa chenicheni, kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndi utsi. Makamaka mukamawotcherera zitsulo za galvanised, utsi woyera uja uli ndi zinc, ndipo umadwalitsa ngati malungo: kuphwanya m'thupi, kuzizidwa, mutu, madzulo ake omwewo. Gwirani panja kapena pamalo popita mphepo. Mkaka umene mumamwa pambuyo pake ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, utsi uli m'mapapo. Mayi woyembekezera apewe utsiwo, fungo la thinners ndi penti, ndi kunyamula zolemera, ndipo akanene ku sikelo ntchito imene amagwira.

Za maso. Amabwera kwathu usiku, misozi ili chuchuchu, ati m'maso muli mchenga. Kupsa ndi kuwala kumayamba kupweteka patapita maola angapo, ndiye munthu amadabwa poti masana anali bwino. Nthawi zambiri kumapola patsiku limodzi kapena awiri. Koma ngati kachitsulo ka girayinda kalowa m'diso, musachotse ndi kamtengo ka machesi, thamangani ku chipatala. Magalasi a dzuwa a pamsika si chigoba cha weldingi.

Spana17
Mbatata ya kachewere, dulani, ikani pamaso, gonani. Mankhwala a amisiri kuyambira kale.

NesiWaUsiku
Imaziziritsa chabe, nsalu yoyera yonyowa ichita chimodzimodzi. Ndipo inu amene mumapempha mkaka wa m'mawere kwa akazi anu kuti mudonthezere m'maso, siyirani mwana chakudya chake.

MaiWaMapasa_Katete
Kikiki, pa ichi chokha ndiye amuna amavomera kuti pa weldingi pafunika mkazi.

Kasitomala_Kalongwezi
Ndiloleni ndilankhule kumbali ya ife ogula, poti mukutiweruza tisanayankhe. Ine ndamanga nyumba, ndipo amisiri andidyera ndalama mokwanira. Ukapereka dipoziti, foni yazima. Ukapita, ati malaiti, ati maliro, ati zitsulo zakwera. Mwamuna mnzanga ndikhoza kupita pa wekishopu pake n'kumukalipira anthu akuona, kapena kunyamula girayinda yake mpaka atamaliza ntchito yanga. Nanga mayi ndimuchita bwanji? Ndikakweza mawu, msika wonse unditembenukira kuti bambo uyu akuzunza mkazi wa mwini. Ndiye ndimasankha amene ndingathe kulimbana naye zikavuta.

Chachiwiri, ntchito ya geti ndi kuimbirana mafoni, nthawi zina usiku. Kunyumba akaona dzina la mayi likubwerabwera pafoni, ndikafotokoza kuti ndi wa geti, mukuganiza andikhulupirira?

GiyaBokosi_Petauke
Ndiye mukutanthauza kuti mumakana mkazi chifukwa simungamuopseze. Chabwino, mwanena zoona zanu, ena amangobisala kumbuyo kwa "mphamvu".

MaiWaMapasa_Katete
Koma akuluwa atithandiza, tisawathamangitse. Mantha awo ndi a dipoziti, ndipo mankhwala ake ndi pepala. Ine sindigwira ntchito ya pakamwa. Ndili ndi buku la kotesheni la makope awiri. Ndimalemba muyeso, mtundu wa matabwa, ngati ndi mukwa ndilembe mukwa, ngati ndi paini ndilembe paini, mtengo, dipoziti, tsiku lomaliza. Tonse tisaina. Dipoziti ikhale yokwana kugula zipangizo zonse, ndipo lisiti la ku hadiweya ndimalijambula n'kutumiza pa WhatsApp tsiku lomwelo. Munthu akaona kuti ndalama yake yasanduka matabwa, mtima umakhala pansi. Za kunyumbazo, ndimapempha nambala ya amayi a pakhomopo n'kumatumiza zithunzi kwa onse awiri. Nthawi zambiri amene amasankha kalembedwe ka kabati ndi mayi yemweyo, ndipo ndi amene amandibweretsera anzake a ku mpingo.

Welda_wa_Kapata
Zikomo amayi, za nambala ya akazi awo sindinaziganizepo. Koma ndiyankheko bambo uja wa geti yoponda kamodzi, poti zikundiwawabe.

Mukaona mageti awiri ofanana koma mitengo yosiyana kwambiri, musathamangire wotchipa. Pali sikweya chubu yokhuthala mamilimita 1.2 ndi ya 1.6, ikapakidwa penti simungasiyanitse ndi maso, koma inyamuleni mumve. Yopyapyalayo ukaiwotcherera ndi moto wambiri imabooka, ndiye ena amangodontheza apa ndi apo, timadontho tinayi pa joini, mabowo n'kutseka ndi body filler ya magalimoto, penti pamwamba. Yokongola zedi tsiku loyamba. Mvula ziwiri, dzimbiri latulukira m'makona, mahinji alendewera. Ine joini ndimazungulira yonse. Rodi ya 2.5 pa chubu, ya 3.2 pa angle iron yokhuthala. Ndikamaliza ndimagogoda chikhokho ndi kanyundo, chikasenda chokha n'kusiya mzere wosalala ndiye kuti moto unali bwino. Ndimayeza kona ndi kona mopingasa, miyeso iwiriyo ikasiyana geti yapotoka ndipo siyenda pa njanji yake. Red oxide ndimapaka ndisanapake penti ya pamwamba. Zonsezi ndi nthawi ndi ndalama. Ndiye munthu abwere andiuze kuti ndichotse theka chifukwa ndili ndi amuna anga.

Ndipo nkhani ya malaiti inandipweteka mosiyana ndi anzanga. Mu 2024, chilala chija chitatsitsa madzi ku Kariba, tinafika pokhala maola 17 opanda magetsi, masiku ena kupitirira. Akabwera ndi pakati pa usiku. Amuna anzanga a mzere uno ankagona pa wekishopu, akayaka n'kudzuka. Ine kuti ndichoke kunyumba 1 koloko usiku kupita kumsika, choyamba ndi mantha a panjira, chachiwiri ndi pakamwa pa aneba. Ndinamva ndekha pa mpopi kuti mayi uja weldingi yake ndi ya usiku. Mlongo wangayu ndinakamutenga nthawi imeneyo kuti azindiperekeza.

Solar_Mfuwe
Asisi, sungirani jenereta imene ingakoke makina owotcherera a inverter. Makina a inverter sadya moto ngati akale aja a mafuta, koma funsani bwino musanagule, tijenereta ta pa saluni sitingathe.

Ine ndimaika masola ndi mawaya m'nyumba. Kwa ine ukazi unasanduka msika. Amayi ambiri amuna awo ali kutali ku ntchito, safuna mwamuna wachilendo azilowa mpaka kuchipinda chogona kukaika soketi. Akamva kuti kuli mkazi amachita kundisungira ntchito. Vuto langa ndi denga. Ndikakwera pamalata mudzi wonse umasonkhana, ana kukuwa, agogo ena kufunditsa nkhope ati mkazi sakwera padenga amuna ali pansi.

Alangizi_aku_Mtenguleni
Ana anga, ntchito gwirani, njala ilibe mwamuna kapena mkazi. Koma ulemu wa thupi musautaye. Ovolosi valani, chitenje pamwamba. Kukwera padenga ndi buluku chabe apongozi akudutsa pansi, iyayi. Mukatero ndi inu nomwe mumapatsa anthu zonena.

GiyaBokosi_Petauke
Amayi, ndikugwadirani, koma chitenje pafupi ndi fani belt ya injini yolira ndi imfa. Chikakodwa chimakukokera komweko.

Welda_wa_Kapata
Ndi girayinda chimodzimodzi amayi. Ndiponso zitenje zambiri za masiku ano ndi za naironi, kamoto kakagwera zimasungunukira pakhungu. Ngakhale tsitsi loikirira ndinasiya, ndimamanga duku la thonje pansi pa chigoba. Chitenje chimakhala m'chikwama. Ndikapita kukayeza pakhomo pa munthu ndimafika nacho m'chiuno, ndipereke moni mwaulemu, pogwira ntchito ndichotse.

Alangizi_aku_Mtenguleni
Apo ndamva. Bola pofika ndi pochoka.

ZaMalamulo_Moth
Ndimagwira ntchito yoona za antchito pa kampani ina, ndiye ndiikeko zimene amayi olembedwa ntchito ayenera kudziwa. Employment Code Act ya 2019 imapereka masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ndipo ngati mwagwira kwa bwana yemweyo zaka ziwiri mosalekeza, malipiro ndi athunthu. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba n'koletsedwa. Mukabwerera, miyezi 6 yoyamba chibadwire mwana muli ndi ola limodzi patsiku loyamwitsa, kapena mphindi 30 kawiri. Palinso tsiku limodzi pamwezi limene timalitcha Mother's Day, simufunika kalata ya dokotala kapena kufotokoza chifukwa. Zimene anachita amalume athu pamwambapa, kuchotsa mtsikana chifukwa akazi a ena akuchita nsanje, akanapita ku ofesi ya za antchito bwenzi atatuluka thukuta.

Levulo_Chadiza
Malamulo abwino, koma ndi a anthu a payslip. Ife a pa saiti tilibe kalata, tilibe penshoni ya NAPSA, kapitawo amangolemba dzina m'kope. Mimba ikaoneka amangoti mawa musabwere, simenti yatha. Ukadutsa mawa lake upeza ntchito ili mkati.

ZaMalamulo_Moth
Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano pamaso pa lamulo, vuto ndi umboni. Jambulani tsamba la kope limene muli dzina lanu, sungani mauthenga a ndalama a pafoni. Koma ndivomereze, wa ganyu ya masabata atatu zimamuvuta kwambiri kuposa wa pa kampani.

AmalumeDizilo
Mwandiunjikira ngati ndapha munthu. Mwanayo ndinamupatsa ya thiransipoti, ndipo ndinamulozera kwa mnzanga. Galaja ndi yanga, mtendere wa pagalaja ndi udindo wanga.

Mphunzitsi_wa_Zaluso
Ine ndimaphunzitsa ntchito zamanja. Choyamba kwa Mwana_wa_Mchini. Usamve za chiberekero, pita ukafunse malo. Kuno tili ndi Chipata Trades Training Institute, a chigawo cha Petauke ali ndi Ukwimi Trades. Craft Certificate imafuna Grade 12 ndipo ndi zaka ziwiri, koma palinso trade test (mayeso a luso) ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaluso, imene imayambira Level 3, kenaka 2, pamwamba 1. Ngakhale amene anaphunzirira pansi pa mtengo wa mango kwa mmisiri akhoza kukayesedwa n'kulandira pepala. Amayi a Levulo, ngati simunatero, chitani.

Za ndalama ya sukulu: mu 2022 CDF, thumba la chitukuko cha konsitichuwense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Mbali ina ndi ya mabasale a achinyamata a zaka 16 mpaka 35 ofuna kuphunzira luso. Mafomu amadutsa ku Ward Development Committee (WDC) ya kwanu, ndipo pafunika kalata yosonyeza kuti sukulu yakulandira. Chimene ndimaona chaka ndi chaka n'chakuti atsikana amadzaza kalasi ya zosoka ndi zophika mpaka ena kusowa pokhala, pamene ku metal fabrication, plumbing ndi automotive umawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Ukawafunsa, ambiri sanasankhe okha, anawalembera ndi makolo kapena amene anawathandiza fomu. Osoka m'tawuni muno ndi angati kale? Ndipo amene amalimba mtima kulowa ku zitsulo, pa mayeso sativutitsa. Timawataya pa attachment, pamene amapita kukaphunzirira ntchito ku makampani. Kumeneko ndi kumene amakumana ndi zimene anena a GiyaBokosi, ena amangopatsidwa tsache miyezi itatu, ena kapitawo amafuna zake kuti asaine buku.

Kwa mwini funso. Maphunziro aulere atayamba mu 2022 ana anadzaza m'makalasi, ndipo madesiki ambiri anagulidwa ndi ndalama za CDF kwa amisiri a m'madera momwemo. Ntchito zotere sizifunsa ndevu, zimafunsa mapepala: PACRA, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku ZRA, akaunti ya ku banki, pepala la luso. Pa zomangamanga palinso NCC, bungwe lolembetsa makontirakitala, oyamba amalowera Grade 6. A EIZ, bungwe la mainjiniya, nawonso amalembetsa amisiri, ndipo ali ndi chigawo cha amayi. Tsono ngati pakamwa muzinena kuti mwini ndi mlongo wanu pamene mapepala akunena inu, tsiku lina mudzadzikola nokha.

Achimwene_Mchinji
Kuno kutsidya kwa Mwami nkhani ndi yomweyi. Koma mayi wina pa boma pano anangoika benchi yake kutsogolo kwenikweni, m'mbali mwa msewu. Poyamba anthu ankaima kudzaonerera ngati kwabwera gule. Pano amene akufuna felemu amangoti tiyeni kwa amayi aja.

Spana17
Zonsezo n'zabwino, koma mwezi uno akadutsa makasitomala atatu osabwerera, lendi alipira ndani? Mphunzitsi ali ndi salale, nesi ali ndi salale. Kulimbikitsa munthu n'kosavuta uli wokhuta.

MaiWaMapasa_Katete
Ine ndilibe salale Spana. Ndipo sindinanene kuti mnyamatayo amuthamangitse. Pali kusiyana pakati pa kumutuma ndi kumupatsa dzina. Azilandira alendo, aziwapatsa mpando, akafunsidwa mtengo aziti dikirani ndiitane amisiri. Popita kukayeza kunyumba za anthu azipita naye, mayi yekha kulowa m'mpanda wa munthu wosamudziwa si nzeru. Kukatolera ngongole kwa ovuta, apite awiri. Koma kotesheni isainidwe ndi mwini, ndalama ilowe pa nambala ya mwini.

Welda_wa_Kapata
Ndawerenga zonse, zikomo. A Spana sakunama, ena ndiwatayadi, ndipo mwezi woonda udzandipweteka. Koma nkhani ya mayi aang'ono a ku Katete yandikhala pamtima. Ndalankhula ndi mlongo wanga madzulo ano. Wakhumudwa pang'ono, ati ndimafuna kuthandiza chabe, ndipo ndikudziwa kuti ndi zoona. Tagwirizana kuti benchi tiitulutse kutsogolo, iye azijambula ndikamagwira ntchito tiziika pa Facebook, ndipo Loweruka lililonse ndizimupatsa zidutswa aziphunzira rodi mpaka adzakayesedwe Level 3. Akadzafuna kukhala abwana adzatsegule pake. Buku la kotesheni ndikadinditsa mawa. Amalume, mukadzafuna sitandi ya injini pagalaja panu mubwere, mtengo sindichotsa.

AmalumeDizilo
Ndidzabwera ndi nyundo yanga kudzayesa majoini.

Mwana_wa_Mchini
Aphunzitsi zikomo, ndipita kwa a WDC Lolemba. Koma funso lina, nsapato za sefite za saizi 4 zimapezeka kuti? M'mashopu ndikungopeza kuyambira 6.

GiyaBokosi_Petauke
Vuto la tonse ilo. Yang'ana pa salaula ku Saturday Market m'mawa akangotsegula mabelo, ugogode kutsogolo umve ngati muli chitsulo. Zikakanika, tuma wa basi za ku Lusaka akakuonere ku Kamwala. Usagule 6 n'kuikamo nyuzipepala, udzapunthwa nazo pa makwerero. Magolovesi nawonso fufuza aang'ono, aakulu aja rodi suigwira bwino.

Solar_Mfuwe
Ndili ndi za saizi 5 zimene zinandithina, sizinathe kwenikweni. Ndi masokosi awiri zikhoza kukukwana. Ndilembere kumbali, ndibwera ku Chipata kumapeto kwa mwezi kudzagula mabatire.